Mmene mungaikire malire a recursion m'kernel ya Linux

Achinyamata ambiri a pa University of Malawi amene ndimawathandiza kuno ku Zomba anazolowera mapulogalamu wamba, komwe stack, malo a memory amene function iliyonse yoitanidwa imasungapo zinthu zake, imakhala 8 MB. M'kernel, womwe ndi mtima wa operating system, malo ndi ochepa kwambiri: pa x86-64 thread iliyonse (mzere umodzi wa ntchito imene ikuyenda) ili ndi 16 KB yokha, ndipo mpaka 2014 inali 8 KB. Function ikadziitana yokha, zomwe ndiye recursion, imasanjika katundu wina pamwamba pa wakale, ngati matumba a makala panjinga yotsika m'phiri.

Choncho yambani ndi masamu. Thamangitsani scripts/checkstack.pl muone kuti function yanu ikudya ma byte angati. Ikamadya 400, kuzama ka 20 ndi 8,000 kale, theka la stack latha, musanawerengere amene anakuitanani ndi amene inu muwaitane. Array yaikulu musaiike pa stack, itengeni ndi kmalloc, function yopempha memory kunja kwa stack.

Chachiwiri ndimachinena mobwerezabwereza: wogwiritsa ntchito asakhale wosankha kuzama. Ngati munthu angalumikize ma symlink (mafayilo oloza ku mafayilo ena) kapena kusanjika ma filesystem mmene akufunira, ndiye angathenso kugwetsa makina onse. Ikani nambala yokhazikika. Linux imalola ma filesystem osanjikizana awiri okha, ndipo ma symlink akaposa 40 imakana ndi error yotchedwa ELOOP. Nanunso chitani chomwecho: onani depth, nambala ya kuzama kumene mwafika, musanalowe mkati, ikadutsa malire bwezani -ELOOP, ndipo masulani lock ndi memory zimene munagwira.

Powerengera, ine ndimakonda kupereka depth + 1 ngati argument, chifukwa pobwerera imatsika yokha. Mukaisunga mu struct, muziitsitsa panjira iliyonse yotulukira, makamaka za goto. Variable ya global musaiyerekeze, ma CPU awiri adzalimbirana. Ya per-CPU (CPU iliyonse ndi yake) ndiyabwino pokhapokha preemption, kuimitsidwa kwa task pakati pa ntchito, ili yotseka, apo ayi task idzasamukira CPU ina n'kutsitsa nambala ya eni ake.

CONFIG_VMAP_STACK, yomwe inabwera mu 4.9, iyatseni. Imaika guard page, kachigawo ka memory koletsedwa kumapeto kwa stack, kuti stack ikasefukira muone pompo, m'malo moononga memory yoyandikana mwakachetechete. Koma makina akhoza kugwabe.

Ngati n'kotheka, recursion ichotseni ndithu: lembani loop, zotsala muzisunga pamndandanda wanu. Ndi mmene anakonzera ma symlink mu 4.2. Poyesa, gwiritsani QEMU, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekeza, osati laputopu yomwe muli ntchito yanu ya kusukulu, ndipo yesani pa malire enieni komanso kuposa ndi imodzi.