Mmene mungakhazikitsire mtima pansi pa mpikisano woponya mivi

Pa masewera a Olympics, woponya mivi amaima pa mtunda wa mamita 70 kuchokera pa chandamale chotambalala masentimita 122, ndipo kabwalo kapakati kopatsa mapointi 10 ndi ka masentimita 12.2 okha. Pa mtunda wotere, dzanja likangogwedera pang'ono, muvi umaphonya pachikasu, pakati pa chandamale, n'kukalasa pofiira pozungulira chikasucho. Mkono umene wayeserera kwa zaka suiwala ntchito yake tsiku la mpikisano. Chimene chimasintha ndi maganizo, ndipo nawo amafunika kuphunzitsidwa monga mmene timaphunzitsira minofu.

Yambani ndi kulemba papepala ndondomeko yanu yonse ya kaponyedwe, kuyambira poponda mapazi pa mzere, kukoleka muvi pa nsinga, kukweza uta, kukoka mpaka dzanja litakhazikika pansi pa chibwano nsinga ikukhudza nsonga ya mphuno, kupitiriza kukoka ndi minofu ya kumsana mpaka clicker, kachitsulo ka pa uta kamene kamalira muvi ukakokedwa mokwanira, katalira, kumasula zala, ndi kukhalabe chomwecho mpaka muvi utafika. Muitsatire pa muvi uliwonse osadumpha gawo, chifukwa mantha akabwera ndi yokhayo imene mudzatsamire. Sankhaninso mawu amodzi oti muzidziuza chamumtima mukamakoka, monga akuti “chigongono” kapena “pitiriza”. Maganizo akapatsidwa kantchito kotere, sapeza mpata wowerengera mapointi.

Chovuta kwambiri kuchivomereza n'chakuti kadontho ka sight, kachipangizo kolozetsera ka pa uta, sikaima nji pakati pa chandamale. Kamayendayenda ngakhale kwa akatswiri, ndipo munthu amene amadikira kuti kaime kaye ndiye amaumitsa mapewa, n'kumasula mochedwa mphamvu zitatha. Kulimbana ndi kadonthoka n'kumene kawirikawiri kumabala vuto limene oponya mivi amalitcha target panic. Wina amapezeka kuti wamasula nsinga asanafikitse dzanja pachibwano atangoona chikasu, wina mkono umauma pansi pa chikasupo osatheka kukwera, pomwe wina amalephera kudutsitsa muvi pa clicker ngakhale mphamvu ali nazo. Zikakugwerani, musalimbane nazo pa mamita 70. Chotsani pepala la chandamale, imani pafupi ndi chotchinga mivi pa mamita atatu kapena asanu, ndipo ponyani mukumvetsera za m'thupi mokha, nthawi zina mutatsinzina ngati malowo ndi otetezeka. Kenaka bwezerani pepalalo, kokani, lozetsani pachikasu kwa masekondi angapo, n'kutsitsa uta osaponya. Mukatero ubongo umaphunzira kuti kuona chikasu si lamulo loti zala zitseguke. Mtunda muziuonjezera pang'onopang'ono, ndipo kunena zoona, ambiri amene vutoli limawabwerera ndi amene amathamangira kubwerera patali.

Musayembekezere kuti mtima udzagunda modekha. Pa masewera a ku Tokyo mu 2021, owonera pa wailesi yakanema ankaonetsedwa kugunda kwa mtima kwa oponya mivi, ndipo kwa ena kunkapitirira 150 pa mphindi imodzi, komabe ankalasa pa 10. Choncho zolowerani kuponya mtima uli m'mwamba. Thamangani pang'ono kenaka muponye mivi itatu, ikani wotchi ya masekondi 20 pa muvi uliwonse monga zimakhalira poponya mosinthana, ndipo pemphani anzanu kuti azichita phokoso. Timu ya South Korea, imene akazi ake apambana golide wa timu pa Olympics iliyonse kuchokera mu 1988 mpaka mu 2024, yakhala ikuyeserera m'mabwalo a baseball pamaso pa khamu losokosa.

Muvi ukapita kolakwika, dzifunseni funso limodzi lokha, ngati mwaponya motsatira ndondomeko kapena ayi. Ngati mwatsatira, yang'anani mbendera ya mphepo n'kukonza polozetsa. Ngati simunatsatire, pumirani mpweya kunja pang'onopang'ono ndi kuyambiranso pa mapazi. Malamulo enieniwo amakuthandizani kuiwala, pakuti seti iliyonse ndi ya mivi itatu, wopambana seti amapeza mapointi awiri, akafanana aliyense amapeza pointi imodzi, ndipo wofika pa 6 ndiye wapambana, kotero muvi woipa umaononga seti imodzi yokha. Muvi wabwino nawonso suyenera kusungidwa m'mutu. Ku Rio mu 2016, Kim Woo-jin wa ku South Korea anapeza mapointi 700 mwa 720 pa mivi 72 yosanjira opikisana, yomwe inali rekodi ya dziko lonse, koma anagonja m'ndime yachiwiri kwa Riau Ega Agatha wa ku Indonesia.

Opikisana akafanana mapointi 5 kwa 5, aliyense amaponya muvi umodzi, ndipo woyandikira kwambiri pakati ndiye amapambana. Ku Paris mu 2024, Kim yemweyo ndi Brady Ellison wa ku United States onse analasa pa 10 pa muvi wotere, ndipo golide anapita kwa Kim chifukwa cha kusiyana kwa mamilimita pafupifupi asanu. Muvi umenewu muziuyeserera tsiku lililonse pomaliza maphunziro, mutatopa kale, mnzanu akuonerera, popanda mwayi wobwereza, ndipo m'kabuku mwanu muzilemba ngati munatsatira ndondomeko yonse musanalembe pamene muviwo unalasa.