Mmene mungafufuzire mbiri ya kamudzi ka alimi ku Germany, ndi kudziwa kuti mumakhala anthu angati

Anzanga amene muli ku Germany, kaya munapita pa Ausbildung (maphunziro a ntchito) kaya ndi banja, ambiri mwapezeka mukukhala mtimidzi tija ta nyumba zowerengeka, makola a ng'ombe, mathirakitala ndi basi yobwera kawiri patsiku, ndiye tsiku lina achibale akufunsani pa WhatsApp kuti kodi kumeneko kuli anthu angati, mudziwo unayamba liti, inu kulowa pa Google nkupeza nambala yoti sikugwirizana ndi zimene maso anu akuona. Foni ikuti anthu 1,000 ndi kuposa pomwe inu mukayenda mudzi onse mphindi 10 mwamaliza. Nambalayo siyabodza ayi, kungoti ndi ya dera lina. Ndiye ndikufotokozereni mmene ine ndimafufuzira, ndipo ndigwiritsa ntchito kamudzi ka Mödlareuth chifukwa misampha yonse ili momwemo.

Musanafunse kuti anthu ndi angati, yambani mwafunsa kuti mudziwu uli pansi pa ndani. Ku Germany boma limawerenga anthu potengera Gemeinde, ndipo Gemeinde imodzi imatha kukhala ndi timidzi tambirimbiri timene amatitcha Ortsteil, ngati mmene gulupu mmodzi amakhalira ndi midzi ingapo pansi pake. Kale timidzi tambiri tinali ma Gemeinde patokha koma anatiphatikiza, ku Bayern ntchito yophatikizayi inachitika mzaka za mma 1970 nkutha 1978. Ndiye mukaona kuti chiwerengero chalumpha mwadzidzidzi zaka zimenezo musaganize kuti anthu anabereka kwambiri, malire ndi amene anasuntha.

Mödlareuth ndi kamudzi ka anthu pafupifupi 50 koma kali mzigawo ziwiri za dziko. Pakati pamadutsa kamtsinje kotchedwa Tannbach, kakang'ono koti munthu utha kulumpha, ndipo mu 1810 anaikako miyala ya malire, mbali ina analemba KB kutanthauza ufumu wa Bayern, mbali ina FR kutanthauza dera la mafumu a Reuß. Mpaka lero tsidya lina lili pansi pa Töpen mboma la Hof ku Bayern, tsidya linalo lili pansi pa Gefell mboma la Saale-Orla ku Thüringen, galimoto zawo zina nambala imayamba ndi HO zina SOK, mudzi umodzi omwewo. Ndiye mukatenga nambala ya Töpen mwatenga theka la mudzi kuphatikiza midzi ina yosakukhudzani, mukatenga ya Gefell chimodzimodzi. Muyenera kupeza za tsidya lililonse palokha kenako muphatikize nokha.

Mukadziwa Gemeinde yake pitani pa webusaiti ya ofesi yowerenga anthu ya chigawocho, amati Statistisches Landesamt. Ya ku Bayern imatulutsa ka PDF ka Gemeinde iliyonse kotchedwa Statistik kommunal, mmenemo muli mzere wa zaka kuyambira 1840, 1871, 1900, 1925, 1939, 1950, 1961, 1970, 1987 mpaka kalembera wa 2011, ndipo kalembera wina anachitikanso mu 2022. Chenjerani kuti manambala akalewo kawirikawiri amawawerengetsa potengera malire a lero, werengani timalemba ta mmunsi tija musatidumphe. Nambala ya Ortsteil yeniyeniyo nthawi zambiri ili ku Rathaus, likulu la Gemeinde yanu, ku ofesi imene munakalembetsa mutangofika ija, Einwohnermeldeamt. Lembani imelo yaifupi yaulemu, funsani Einwohnerzahl, kutanthauza chiwerengero cha anthu, ya Ortsteil yakutiyakuti komanso tsiku limene anawerenga, poti nambala yopanda deti ilibe ntchito. Ngati mudzi wanu uli ku Austria ofesi yake ndi Statistik Austria, nayo ili ndi tsamba la Gemeinde iliyonse.

Za kale nkhondo yoyamba isanachitike pali buku lina lothandiza kwabasi, Meyers Orts- und Verkehrslexikon la mu 1912, lili pa intaneti mwaulere pa meyersgaz.org. Mumalemba dzina la mudzi, limakuuzani anthu analipo angati nthawi imeneyo, unali pansi pa boma liti, ofesi yolembetsa ana obadwa inali kuti, ndipo pali mapu akale. Koma ndi la ufumu wa Germany wokha, Austria ndi Switzerland mulibemo. Samalaninso ndi mayina ofanana, midzi yotchedwa Neudorf kapena Hausen ndi yosawerengeka, onetsetsani boma lake musanakopere kanthu.

Tsopano manambala mwawapeza, ntchito yokoma ndi kuwafunsa kuti chifukwa chani. Pali malo angapo amene pafupifupi mudzi uliwonse umagwedezeka. Nkhondo ya zaka 30, kuyambira 1618 mpaka 1648, inapululutsa madera ambiri ndi njala ndi mliri, timidzi tina tinatsala mabwinja. Mzaka za mma 1800 achinyamata ambiri anapita ku America ndi kumatauni kukagwira mmafakitale. Kenako yang'anani pakati pa 1939 ndi 1950, mupeza midzi yambiri yafufuma ngakhale kuti amuna ambiri anafera kunkhondo, chifukwa anthu olankhula Chijeremani pafupifupi 12 miliyoni anathawa kapena kuthamangitsidwa kummawa, ku Schlesien, Ostpreußen, Sudetenland, ndipo boma linkawagawa mnyumba za alimi poti matauni anali ataphulitsidwa. Pofika 1961 ambiri aja anali atasamukira kotsata ntchito, thirakitala nayo itachotsa aganyu mminda, chiwerengero nkutsikanso.

Ku Mödlareuth nkhani ya pambuyo pa 1945 ndi yowawa ndithu. Kamtsinje kaja kanasanduka malire a asilikali a America ndi a Soviet Union, kenako mu 1949 malire a mayiko awiri, tsidya la Bayern lili ku Germany ya kumadzulo, tsidya la Thüringen lili ku Germany ya kummawa yotchedwa DDR. Mu 1952 anamanga mpanda wamatabwa pakati pamudzi, chaka chomwecho boma la DDR linachotsa mokakamiza mabanja amene linkawakayikira mmidzi ya mmalire monse, ntchito imene anaipatsa dzina lonyoza loti Aktion Ungeziefer, kufanizira anthu ndi tizilombo. Mu 1966 anamanga khoma la konkire lotalika mamita 700, msinkhu kupitirira mamita 3, asilikali a America nkumatcha mudziwu Little Berlin. Taganizani, mchimwene wako ali tsidya lija ukuona denga la nyumba yake koma ngakhale kubayibitsa kunali koletsedwa kwa a kummawa. George Bush wamkulu anafikako mu 1983 ali wachiwiri kwa pulezidenti. Khoma la ku Berlin litagwa pa 9 November 1989 a ku Mödlareuth anadikirabe mwezi wathunthu, njira yawo inatsegulidwa pa 9 December, ndipo khomalo analigumula pa 17 June 1990 nkusiyako chigawo chimene lero chili mu museum yapamudzipo. Munthu amene wangoona mzere wa manambala osadziwa zimenezi sangamvetse chimene chinachitikira tsidya la kummawa.

Mukafuna kutsika mpaka ku mabanja enieni, njira ndi mabuku a tchalitchi, Kirchenbücher, mmene abusa ndi ansembe ankalemba maubatizo, maukwati ndi maliro, ambiri amayambira mzaka za mma 1500 kapena 1600. Apa funso nlakuti anthu a mudziwu ankapemphera kuti, osati mudzi uli kuti. A ku Mödlareuth tsidya zonse ziwiri ankapita kutchalitchi ku Töpen, pomwe sukulu ndi malo omwera mowa zinali mbali ya Reuß imene lero ndi Thüringen, ndiye mukafuna maubatizo akale muyambe ndi parishi ya Töpen. Mabuku a Akatolika ambiri ali pa webusaiti ya Matricula mwaulere, makamaka a ku Austria, a mpingo wa Lutheran ali pa webusaiti ya Archion koma kumeneko mumalipira. Kuyambira 1876 Germany yonse inayamba kulembetsa kuboma, ku Standesamt, ndipo zolembazo zimatsekedwa zaka 110 za obadwa, 80 za maukwati, 30 za omwalira, zikadutsa zakazo zimapita ku archive aliyense nkutha kuziona.

Chimene chidzakutopetseni ndi kalembedwe. Mabuku osindikiza akale ali mzilembo za Fraktur, zolemba pamanja zili mu Kurrent kapena Sütterlin, poyamba zimaoneka ngati nkhuku yapalasa pamchenga, e amafanana ndi n, h amakhala ngati f. Sindikizani tchati cha zilembozo muchiike pambali, yambani ndi mayina ndi madeti poti amabwerezabwereza, masabata awiri diso lizolowera. Kanyenyezi ndi kubadwa, kamtanda ndi imfa, 7ber ndi September osati July, Xber ndi December. Muziyang'ananso mawu amene ali pafupi ndi dzina la munthu, Bauer ndi mlimi wa munda wake, Häusler anali ndi kanyumba koma munda wochepa kapena opanda, Knecht ndi Magd anali antchito apafamu, Tagelöhner ndi waganyu. Mukawerenga kuti ma Bauer analipo angati ndipo aganyu angati mumadziwa mmene mudziwo unkadyera kuposa nambala ina iliyonse. Zolemba zakale kwambiri sizinkawerenga anthu koma mabanja, pena amati Feuerstätten kutanthauza mafuwa, ndiye musalembe kuti munali anthu 12 pomwe akunena makomo 12.

China chimene chimasokoneza alendo ndi dzina la nyumba, Hausname kapena Hofname. Mmidzi yambiri ya ku Bayern ndi Austria famu imakhala ndi dzina lakelake limene silisintha ngakhale eni ake asinthe, ndipo anthu apamudzi amakutchula ndi dzina la famuyo osati la pa chiphaso. Mukamafunsa agogo apamudzipo funsani mayina onse awiri, mulembe pamodzi ndi nambala yakale ya nyumba.

Ndipo agogowo musawasiye. Midzi yambiri ili ndi Heimatverein, kagulu ka okonda mbiri ya kwawo, kapena munthu mmodzi wopuma pantchito amene analemba Ortschronik, kabuku ka mbiri ya mudzi, pokondwerera kuti mudzi wakwanitsa zaka mazana akutiakuti, kabukuko mukakapeza ku Rathaus kapena ku layibulale ya boma lanulo. Pitani tsiku la Kirchweih, chikondwerero cha tchalitchi cha pachaka, kapena phwando la ozimitsa moto, perekani moni wa komweko, ku Bayern ndi Grüß Gott, mukhale nawo pansi munene kuti mukufuna kudziwa za mudzi wawo. Pitani ndi kope ndi manambala anu aja mmanja, muwaonetse pamene chiwerengero chinakwera mu 1950 muwafunse kuti anabwerawo anagona nyumba ziti, mudzaona akuyamba kuloza makomo mmodzimmodzi. Zimene akuuzani mulembe kuti wanena ndani komanso liti, mukafika kunyumba mukaziyerekeze ndi za mmabuku a tchalitchi zija.