Kakonzedwe ka Paki ya Mumzinda Yokomera Zamoyo Zakutchire

Musanajambule mapulani a paki, yenderani malowo m'dzinja ndi m'chilimwe kuti muone kumene madzi amadutsa ndiponso mitengo yakale yoyenera kusiyidwa. Mtsinje ndiwo wofunika koposa. Ku Lilongwe, nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi yasunga mbalame, apusi ndi mbawala pakati penipeni pa mzinda, motero musathire simenti m'mphepete mwa madzi, koma musiyemo bango.

Bzalani mikuyu, katope ndi mibawa m'malo mwa bulugamu, chifukwa nkhuyu zimadyetsa mbalame ndi mileme, zomwe zimakamwaza mbewu kutali. Udzu musautchetche wonse nthawi imodzi, ndipo chipika chowola chisiyeni pomwepo, ngakhale ena achiyese zinyalala, pakuti muli tizilombo tomwe mbalame zimadya. Magetsi ausiku aziloza pansi, panjira za anthu pokha.