M'bale wanu akamangidwa ndi apolisi: zoyenera kuchita maola 48 asanathe

Mabanja ambiri akamva kuti m'bale wawo wagona m'chitokosi, amayamba ndi kusonkherana ndalama asanadziwe n'komwe kuti ndalamazo ndi zachiyani. Ena amathamanga kukafunafuna munthu wodziwana ndi akuluakulu a papolisi. Chonsecho zambiri zimene banjalo likufuna kugula, lamulo linazipereka kale kwaulere. Zili m'gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1994, titangotuluka m'nyengo imene anthu ankatha zaka ku Mikuyu osaonekera kukhoti ngakhale tsiku limodzi. Vuto ndi lakuti munthu amene ali mkati mwa chitokosi, wavulidwa lamba ndi nsapato ndipo foni amulanda, sangathe kudzimenyera ufuluwu. Ntchitoyo imagwera amene ali panja, ndipo nkhaniyi ndalembera iwowo.

Pa nthawi imene akumumanga

Ngati mulipo, musalimbane ndi apolisi ndipo womangidwayo asathawe, ngakhale mukudziwa kuti sanalakwe. Kukana kumangidwa kapena kukankha wapolisi ndi mlandu pawokha. Funsani mwaulemu kuti, "Bwana, akumangidwa pa mlandu wanji, ndipo mukupita nawo polisi iti?" Funsoli si chipongwe. Gawo 42 limanena kuti womangidwa auzidwe msanga chifukwa chimene amumangira, m'chiyankhulo chimene amamva. Ngati abwera atavala zovala wamba, pemphani kuona chitupa chawo cha ntchito, ndipo lembani nambala ya galimoto.

Akafuna kuchita chipikisheni m'nyumba, funsani kalata yowaloleza yochokera kukhoti, popeza gawo 21 limateteza nyumba, katundu ndi mauthenga a munthu. Pali nthawi zina zimene lamulo limawalola kuchita chipikisheni opanda kalatayo, choncho musatseke pakhomo. Yendani nawo chipinda ndi chipinda, ndipo chilichonse chimene atenge chilembedwe inu mukuona. Munthu wamkazi amasechedwa ndi mkazi mnzake.

Tengani kope ndi cholembera

Mukafika kupolisi, fotokozani kuti ndinu ndani kwa womangidwayo ndipo funsani ngati dzina lake lalowa m'buku lolembamo zochitika papolisipo. Lembani tsiku ndi ola limene anamangidwa, mlandu umene mwauzidwa, ndi dzina la wapolisi amene akufufuza nkhaniyo. Ola lomangidwalo ndilo lofunika koposa, chifukwa kuwerenga konse kuyambira pamenepo.

Muli ndi ufulu womuona. Lamulo limatchula mkazi kapena mwamuna wake, achibale, mtsogoleri wachipembedzo, dokotala amene iye wasankha, komanso loya, yemwe ayenera kuyankhula naye pawiri popanda wapolisi kumvetsera. Apolisi akhoza kukuuzani nthawi yoonera anthu, koma sangakanize kotheratu. Ngati amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV, a shuga, a BP kapena a khunyu, pitani nawo limodzi ndi buku lake lakuchipatala tsiku lomwelo. Chakudya ndi chithandizo cha mankhwala ndi udindo wa boma, koma tonse tikudziwa mmene zinthu zilili m'zitokosi zathu, choncho mutengereni chakudya ndi chofunda.

Nkhani ya sitetimenti

Apa ndi pamene milandu yambiri imaonongekera, ndipo mukangopeza mpata woyankhula ndi m'bale wanu, yambani ndi nkhani imeneyi. Womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete. Apolisi ayenera kumuuza zimenezi, komanso kumuchenjeza kuti chilichonse chimene anene chikhoza kukagwiritsidwa ntchito kukhoti. Atha kupereka dzina lake ndi komwe amakhala, kenako n'kunena kuti, "Zina ndiyankhula ndikaonana ndi loya kapena kukhoti." Palibe amene ali ndi mphamvu yomukakamiza kuvomera mlandu, ndipo gawo 19 limaletsa kuzunza munthu mwanjira iliyonse, ngakhale mlandu utakula chotani.

Anthu ambiri amaganiza kuti akavomera chifukwa chomenyedwa kapena kuopsezedwa, akangofika kukhoti n'kunena kuti anakakamizidwa, pepalalo lidzatayidwa pomwepo. Kwathu kuno sizophweka choncho. Gawo 176 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni limalola khoti kulandira sitetimenti yovomera mlandu ngakhale mwini wake akunena kuti sanaipereke mwakufuna kwake. Woweruza amadzaiyeza pambuyo pake kuti aone ngati zimene zalembedwazo n'zoona. Ine ndimaona kuti gawo limeneli silikugwirizana ndi mtima wa malamulo a 1994 ndipo likufunika kusinthidwa, koma pakadali pano lilipo. Tanthauzo lake kwa m'bale wanu ndi lakuti siginecha kapena chidindo cha chala chake chidzamutsatira mpaka m'khoti.

Choncho asasaine pepala limene sanaliwerenge. Ngati lalembedwa m'Chingerezi ndipo iye samva bwino, apemphe kuti amuwerengere m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena chiyankhulo chake, mzere ndi mzere. Ngati muli mawu amene sananene, akane kusaina mpaka akonzedwe. Asasaine pepala lopanda kanthu, ngakhale atauzidwa kuti "tingomaliza zamapepala ndiye muzipita". Mawu akuti "ukavomera tikumasula" apweteka anthu ambiri amene lero ali ku Chichiri ndi ku Maula.

Pemphani belo ya kupolisi

Pa milandu yocheperapo, monga ndewu yopanda kuvulazana kwambiri kapena kuba kwa zinthu zazing'ono, mkulu wa polisiyo akhoza kutulutsa munthu pa belo asanapite kukhoti. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo apolisi eni ake amalengeza zimenezi kawirikawiri. Chimene amafuna ndi mboni, anthu odziwika komwe amakhala, okhala ndi chitupa cha unzika, amene alonjeze kuti womangidwayo adzabwera pa tsiku limene wauzidwa. Wina akakuuzani kuti "pakufunika kenakake", funsani ngati akupatsani risiti ya boma. Akakana, dziwani kuti ndi ziphuphu, ndipo wopereka nayenso amapalamula. Pemphani kuonana ndi mkulu wa papolisipo. Pa milandu ikuluikulu monga yakupha, apolisi alibe mphamvu yopereka belo, ndiye musataye ndalama kwa aliyense amene akulonjeza kuti "akonza".

Werengani maola

Lamulo likuti womangidwa atengeredwe kukhoti mwamsanga, osapitirira maola 48, kuti akauzidwe mlandu wake kapena chifukwa chopitirizira kumusunga. Zikapanda kutero, amasulidwe. Koma maolawo akathera pa nthawi imene khoti silikugwira ntchito, amadikira tsiku loyamba limene khoti litsegule. Womangidwa Lolemba 10 koloko m'mawa ayenera kukhala ataonekera kukhoti pofika Lachitatu 10 koloko m'mawa. Womangidwa Lachinayi madzulo kapena Lachisanu maola ake amathera Loweruka kapena Lamulungu, ndiye tsiku lake ndi Lolemba, ndipo Lolembalo likakhala la tchuthi, Lachiwiri. N'chifukwa chake kumangidwa Lachisanu anthu amakuopa.

Zifukwa zoti "galimoto ilibe mafuta" kapena "wofufuza wapita kumaliro" sizilembedwa paliponse m'malamulo. Nthawi ikakwana, pitani kwa mkulu wa polisiyo ndi kope lanu lija, mumuonetse ola limene m'bale wanu anamangidwa ndi kupempha kuti apite naye kukhoti kapena amutulutse pa belo. Zikakanika, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, lomwe lili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Kulinso alangizi a zamalamulo a PASI amene amayendera zitokosi, makhoti ndi ndende, komanso bungwe lomenyera ufulu wa anthu la CHREAA ku Blantyre. Loya akhoza kupempha khoti lalikulu kuti lilamule apolisi kubweretsa munthuyo kapena kumumasula.

Tsiku loyamba kukhoti

Pitani m'mawa, ndipo mutenge anthu awiri oti akhale mboni za belo, aliyense ndi chitupa chake. Mlandu ukawerengedwa, woimbidwa mlandu amafunsidwa ngati akuvomera kapena kukana. Anthu otopa ndi chitokosi amavomera kuti nkhani ithe msanga, osadziwa kuti akavomera palibenso mboni zimene ziitanidwe, chotsatira ndi chilango, ndipo mbiri yoti anapezeka wolakwa imakhala. Ngati sanachite, akane. Ngati sakumvetsa mlanduwo, anene, ndipo womasulira amaperekedwa ndi boma.

Akakana, apemphe belo ndi pakamwa pake ngakhale alibe loya: "Olemekezeka, ndikupempha belo." Malamulo aakulu amati munthu atulutsidwe pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe, ndipo khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2005 kuti boma ndilo liyenera kuonetsa chifukwa chomusungira, ngakhale pa mlandu wakupha. Woweruza amayang'ana ngati munthuyo angathawe, angaopseze mboni, angaononge umboni kapena kuika ena pachiopsezo. Choncho anene komwe amakhala, ntchito kapena bizinesi yake, banja limene amasamalira ndi matenda ngati alipo. Belo ya kukhoti nthawi zina imafuna ndalama. Lipirani kuofesi ya khoti, landirani risiti ndi kuisunga bwino, chifukwa ndalamazo zimabwezedwa mlandu ukatha ngati munthuyo sanaphwanye zimene analamulidwa.

Belo ikakanidwa amapita ku limandi, koma nakonso kuli malire amene anaikidwa mu 2010. Pa milandu yoweruzidwa ndi majisitireti, munthu sayenera kusungidwa masiku opitirira 30 mlandu usanayambe kuzengedwa. Pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza, malire ndi masiku 90. Boma likafuna kuwonjezera liyenera kupempha khoti. Anthu ambiri amakhalitsa pa limandi chifukwa palibe wapanja amene akuwerenga masikuwa.

Mafunso amene amabwera kawirikawiri

Kodi angamange mayi kapena mkazi wa munthu amene wathawa kuti mwini wake abwere? Ayi. Munthu amamangidwa pa zimene iye akuganiziridwa kuti wachita. Ngati palibe umboni woti anathandiza pa mlanduwo kapena kubisa wothawayo, kumusunga n'kuphwanya lamulo.

Nanga ngongole? Kulephera kubweza ngongole ya katapira kapena ya kubanki m'khonde si mlandu wa kupolisi. Wokongoza akasume kukhoti. Zimasintha pokhapokha ngati ndalamazo zinatengedwa mwachinyengo.

Za vakabu zikufunika kuzidziwa bwino. Mu Januwale 2017, khoti lalikulu linathetsa gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, limene apolisi ankamangira anthu chifukwa chongopezeka panjira pa nthawi yokayikitsa. Nkhaniyi anaipititsa kukhoti ndi a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo amene anamangidwa mbandakucha mu 2015 ali pa ulendo wokachita malonda ku Limbe. Mu 2022 khoti lalikulu ku Zomba linanenanso kuti kusesa anthu mwachisawawa m'mabala ndi m'misewu, popanda kuuza aliyense chimene walakwa, n'kosemphana ndi malamulo aakulu. Kuyenda usiku pakokha si mlandu.

Womangidwayo akakhala mwana wosakwana zaka 18, nenani msinkhu wake nthawi yomweyo ndipo bweretsani umboni, kaya kalata yakubadwa, buku lakusikelo kapena kalata yakusukulu. Sayenera kusakanizidwa ndi akuluakulu m'chitokosi, makolo kapena omulera ayenera kudziwitsidwa, ndipo nkhani yake imapita kukhoti la ana motsatira lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010.

Ngati anamenyedwa kapena kusungidwa mopitirira nthawi

Auze woweruza pa tsiku loyamba lomwelo ndi kuonetsa mabala, kuti zilembedwe m'mabuku a khoti. Akangotuluka apite kuchipatala zilonda zisanapole, apemphe lipoti la dokotala, ndipo mujambule zithunzi zosonyeza tsiku. Dandaulo mukhoza kulipereka ku Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha lofufuza madandaulo okhudza apolisi, ku Malawi Human Rights Commission kapena kuofesi ya Ombudsman. Nkhani ya ziphuphu ipite ku Anti-Corruption Bureau. Gawo 46 la malamulo aakulu a dziko limapatsanso makhoti mphamvu yolamula chipukuta misozi, monga zinachitikira mu 2020 pamene khoti lalikulu linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe ndi madera oyandikana nawo alipidwe chifukwa cha nkhanza za apolisi. Polemba dandaulo, tchulani tsiku, ola, polisi yake, mayina kapena manambala a apolisi ndi anthu amene anaona, phatikizani fotokope ya lipoti la dokotala, ndipo pemphani kuti akudindireni pa kope lanu la kalatayo posonyeza kuti alandira. Musachedwe, chifukwa milandu yosumira boma ili ndi nthawi yake yoikika, ndipo loya wa ku Legal Aid Bureau adzakuuzani kuti yanu yatsala yaitali bwanji.