Momwe Mungagwiritsire Ntchito Alowam'malo a Pamtherankhani m'Chisipanishi

Munthu wolankhula Chichewa amafika pa mutu uwu ali kale ndi chizolowezi chimene chingamuthandize kwambiri. Tikamati "ndikukuona" kapena "ndinaligula", kamawu koimira munthu kapena chinthu timakaika patsogolo pa tsinde la mneni, ndipo anthu a ku Spain ndi ku Mexico nawonso amati *te veo* ndi *lo compré*. Njira yotsatirayi yatsamira pa chizolowezi chimenechi.

Yambani ndi kufunsa chiganizo mafunso awiri. Mu *Le di el libro a mi madre*, kutanthauza kuti ndinawapatsa amayi buku, funsani kuti chinaperekedwa n'chiyani, ndipo yankho lake, buku, ndiye pamtherankhani wachindunji. Kenako funsani kuti analandira ndani, ndipo amayiwo ndiwo pamtherankhani wolandira.

Mukatero, sankhani mlowam'malo woyenera. Poimira ine, iwe, ife ndi inu (anthu ambiri) palibe chovuta, pakuti *me*, *te*, *nos* ndi *os* amagwira ntchito mbali zonse ziwiri, ngakhale kuti *os* mudzamumva ku Spain, osati ku Latin America. Ntchito ili pa munthu kapena chinthu chimene mukuchikamba. Wolandira ndi *le* akakhala mmodzi, *les* akakhala ambiri, kaya ndi mwamuna kapena mkazi. Wachindunji amatsata mtundu wa dzina: *el libro* limakhala *lo*, *la carta* imakhala *la*, ndipo zikachuluka timati *los* ndi *las*. N'chimodzimodzi ndi mmene timanenera kuti buku "ndaliona" koma kalata "ndaiona". Choncho dzina lililonse muziliphunzira pamodzi ndi *el* kapena *la* wake.

Tsopano ikani mlowam'maloyo pamalo pake. Mneni akakhala wosonyeza nthawi, mlowam'malo amabwera patsogolo ndipo amalembedwa payekha: *la leo* (ndimaiwerenga), *no la leo* (sindiiwerenga), *la he leído* (ndaiwerenga). Amamatidwa kumapeto polamula munthu kuti achite chinthu, monga *léela*, koma poletsa amabwerera patsogolo: *no la leas*. Aneni awiri akatsatana, wachiwiri n'kuthera ndi *-ar*, *-er*, *-ir* kapena *-ndo*, muli ndi ufulu wonena *la quiero leer* kapena *quiero leerla*, ndipo tanthauzo silisintha. Musaiwale kachizindikiro kotsindika mawu akatalika, monga mu *leyéndola* ndi *dámelo*.

Pofunika kudekha kwenikweni ndi pamene alowam'malo awiri akumana, chifukwa apa Chichewa sichikutsogoleraninso. Ife timaika mmodzi yekha mumneni, timati "ndinawapatsa" osati "ndinawalipatsa", pomwe Chisipanishi chimanyamula onse awiri, wolandira patsogolo, wachindunji pambuyo: *me lo dio* (anandipatsa chinthucho), *te la mando*, *nos los trajo*. Awiriwa sasiyana, kotero kuti *te lo quiero dar* ndi *quiero dártelo* n'zolondola, koma *te quiero darlo* n'kulakwa. Ndiye pali lamulo limene ine ndimaliona kuti ndilo mtima wa mutu wonsewu: *le* kapena *les* akatsogolera *lo*, *la*, *los* kapena *las*, amasanduka *se*. Tengani chiganizo cha amayi chija, chotsani buku muike *lo*, ndipo chimene chimatuluka si *le lo di* koma *se lo di*. M'Chisipanishi chakale ankati *gelo*, ndipo m'kupita kwa nthawi mawuwo anasanduka *se lo* wa lero.

Popeza *se* sasonyeza ngati wolandira ndi mwamuna, mkazi kapena gulu, onjezerani *a él* (kwa iye, mwamuna), *a ella* (kwa iye, mkazi), *a usted* (kwa inu, mwaulemu) kapena *a ellos* (kwa iwo) pamene womvera angasokonezeke: *se lo di a ella*. Kutchula wolandira kawiri sikulakwa ayi, nafenso timati "ndinawapatsa amayi", *-wa-* ali mumneni ndipo dzina lili pomwepo.

Mukamamvera anthu a ku Madrid mudzamva *le vi* (ndinamuona) ponena za mwamuna, m'malo mwa *lo vi*. Kalankhulidwe kameneka kamatchedwa *leísmo*, ndipo Real Academia Española, bungwe losamalira chilankhulochi limene linakhazikitsidwa mu 1713, limakavomereza ponena za mwamuna mmodzi. Kwa amene angoyamba kumene, malangizo anga ndi akuti agwiritsitse *lo*, chifukwa amamveka bwino ku Sevilla, ku Lima ndi ku Bogotá komwe.