Kusintha madzi m'thanki ya nsomba za mbuna popanda kuzipha

Mwafunsa chifukwa chake mbuna zanu zimafa mukangosintha madzi. Kawirikawiri vuto ndi klorini wa m'madzi a pampopi.

Tungani madzi dzulo lake, muwasiye m'ndowa yosavundikira kwa maola 24 kuti klorini auluke. Ndowayo isakhale yochapira, sopo ngakhale pang'ono amapha nsomba.

Kukacha zimitsani pampu, kenako kokani madzi akale ndi paipi uku mukuvundula mchenga kuseri kwa miyala, kumene zonyansa zimaunjikana. Chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi basi, kamodzi pa sabata. Kukhuthula onse n'kumene kumamaliza nsomba. Siponji ya mu fyuluta (chosefera madzi) muitsukire m'madzi omwe mwachotsawo, osati pampopi, chifukwa muli tizilombo tothandiza towononga zonyansa.

Madzi atsopanowo thirani pang'onopang'ono, kutentha kwake kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 28. Kuno ku Salima, mu Okutobala kumatentha kwambiri, ndiye thanki italikire zenera.

Pomaliza vundikirani thankiyo, mphaka sachedwa kupisa dzanja, ananso amathiramo nsima. Mukafuna mbuna zina, musakagwire ku zilumba za Maleri, ndi mbali ya malo otetezedwa a Lake Malawi National Park.