Momwe mungasankhire scope yoona bwino m'kachisisira

Nswala, ngoma ndi mbawala zimakonda kutuluka m'bandakucha ndi m'kachisisira, nthawi imene scope (galasi loonera patali loikidwa pa mfuti) yotchipa imangoonetsa zithunzithunzi. Ngati mukukonzekera ulendo wokasaka ku Limpopo m'nyengo yozizira, chitani izi musanatulutse ndalama m'sitolo za mfuti za muno mu Johannesburg.

Yambani ndi manambala olembedwa pa scope. Pa 8x56, nambala 8 ikutanthauza kuti nyama ioneka yokula ka 8, ndipo 56 ndi mamilimita a galasi lakutsogolo. Mukagawa 56 ndi 8 mupeza 7, ndiwo mamilimita a kadontho ka kuwala kofika m'diso mwanu. Gwirani scope motalikitsa mkono, mukaona kadonthoko pa galasi lakumbuyo. Mwanadiso wa mnyamata amatseguka mpaka mamilimita 7 mumdima, wa munthu wachikulire mwina 5 okha, choncho achikulirenu musavutike kunyamula chigalasi cholemera chomwe diso lanu silingachipindulire. Ya 3-12x50, yomwe mumatha kusintha kakulitsidwe kake kuyambira ka 3 mpaka ka 12, ikukwanirani. Kukamada ibwezeni pa 6 kapena 7, chifukwa mukaikweza mpaka 12 kadontho kaja kamachepa, chithunzi n'kuda.

Kenako funsani za galasi lenilenilo, pakuti ndalama zanu zikupita pamenepo. Pa bokosi palembedwe "fully multi-coated", kutanthauza kuti magalasi onse anakutidwa kangapo ndi mankhwala othandiza kuti kuwala kudutse bwino. Ine ndingasankhe 42mm ya galasi labwino, monga la Zeiss kapena Swarovski, kusiyana ndi 56mm ya dzina losadziwika. Wogulitsa akakuuzani kuti chubu cha 30mm chimalowetsa kuwala kochuluka, musatengeke nazo. Chimangopatsa mpata wokulirapo wosinthira poloza.

Yatsani kadontho kofiira ka pakati pa mizere yolozera, muone ngati kamatha kuchepa kwambiri. Kakawala mopitirira kamakuthobwani m'maso, nyama osaiona. Batire yake nthawi zambiri ndi CR2032, sungani ina m'thumba.

Musayesere scope pansi pa magetsi a m'sitolo. Pitani dzuwa litapendeka, pemphani kutuluka nazo ziwiri pakhomo, muloze pamthunzi wa mtengo n'kuyerekeza. Onaninso kuti ndi yothiridwa nitrogen, kuti isachite nthunzi m'kati m'mawa wa June.

Malamulo a mfuti muno ndi a Firearms Control Act ya 2000. Laisensi imachokera ku SAPS, apolisi a South Africa, ndipo satifiketi ya competency, yosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti, amapereka kwa nzika za dziko lino kapena kwa amene ali ndi permanent residence, chilolezo chokhala muno mokhazikika. Kusaka usiku weniweni kumafuna chilolezo chapadera, choncho mufunse mwini famu nthawi imene amaletsa kuwombera.